Kuchoka pa 2.60: zolemba zanga pa ntchito yokonza magiredi

Meyi 19

Ndayamba kulemba chifukwa zinthu zikangokhala m'mutu ndimadzinamiza. Papepala nambala imakhala pomwe waisiyapo, ukabwerera mawa umaipeza ikukuyang'ana.

Pamene ndili ndi apa. Ndamaliza masemesita anayi a chemical engineering pa yunivesite ina kuno ku America. Engineering ndikuisiya, ndisintha major (phunziro lalikulu la digiri yanga), ndipo cholinga n'chakuti tsiku lina ndikalowe sukulu ya udokotala. Kuno munthu suyamba udokotala utangochoka ku sekondale. Umayamba watenga digiri ya zaka zinayi ya phunziro lililonse, kenako n'kufunsira malo kusukulu ya udokotala komwe kukudikira zaka zina zinayi. Magiredi onse a digiri yoyambayo umapita nawo.

Transcript yanga, chikalata cha magiredi anga onse, ikuti GPA, avareji ya magirediwo, ndi 2.79 pa 4.0, ndipo ndiyo nambala yomwe ndakhala ndikuuza aliyense wondifunsa. Lero ndapeza kuti ndi chikomekome cha mkuyu. Calculus II ndinalephera ndi F, ndinabwereza n'kupeza B, ndipo yunivesite yathu munthu akabwereza kosi imachotsa giredi yakaleyo powerengera. AMCAS, komwe kumadutsa mafomu a sukulu zambiri zopereka digiri ya udokotala ya MD, sichotsa kanthu. F ija imawerengedwa, B nayonso imawerengedwa. Ndawerengera monga iwo amachitira: ma credit (muyeso wa kulemera kwa makosi) 60, mapointi 156. GPA yeniyeni ndi 2.60.

Pali nambala inanso yomwe amaiyang'ana payokha, ya BCPM, kutanthauza makosi a biology, chemistry, physics ndi masamu. Anga ndi awa: General Chemistry I B-, yachiwiri C, Calculus I B, Calculus II F kenako B, Calculus III C+, Physics I B-, yachiwiri C, Organic Chemistry I D. Iliyonse ndi ya ma credit 4. Zonse pamodzi 36, mapointi 74.8. Yatuluka 2.08. Ndabwereza katatu poganiza kuti mwina chala chaphonya pa kakyuleta. Sichinaphonye.

Meyi 23

Masamu a lero ndi owawa kuposa a Lolemba lija.

Ziwerengero za zaka zaposachedwa za AAMC, bungwe la sukulu za udokotala, zikuonetsa kuti amene amalowa sukulu za MD amakhala ndi GPA ya pakati pa 3.7 ndi 3.8, ndi 511 kapena 512 pa MCAT, mayeso olowera sukulu za udokotala. Imeneyo ndi avareji, kutanthauza kuti ena amalowa ndi zochepera, koma kuchoka pa 3.7 kufika pomwe ndili ine pali kamtunda ndithu.

Nditapeza A m'makosi onse a ma credit 60 otsatira, popanda ngakhale A- imodzi, ndingafike pa 3.30. Kuti ndifike pa 3.50 pakufunika ma credit 108 a A yekhayekha, masemesita pafupifupi asanu ndi awiri osapunthwa ngakhale kamodzi, kwa munthu amene sanapezepo A mu sayansi chilowereni pa yunivesite. GPA ili ngati mtsuko wa madzi amatope: ukamathiramo oyera amayera pang'onopang'ono, ndipo mtsukowo ukamadzaza ndi pamene kapu iliyonse yatsopano imasintha zochepa.

Kanthu kamodzi kandidabwitsa. Ma credit 24 otsala, omwe si a BCPM, avareji yake ndi 3.38. Muli kulemba Chingelezi, mbiri, psychology ndi makosi oyambira a engineering. Ndiye mutu si wouma. Pali chimene ndimalakwitsa pa makosi owerengetsera basi, ndipo sindinachipeze.

Juni 2

Ndakumana ndi mayi wina amene amalangiza ophunzira ofuna udokotala. Ndinapita nditakonzekera kulongosola mmene engineering inandipwetekera: makosi olemera, maphunziro othamanga, anzanga onse akudandaula. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatembenuza kompyuta kuti ndione transcript yanga, n'kuloza ndi cholembera.

"Makosi amene munagwa ndi ati apa?"

Ndinawatchula.

"Ndiye a engineering ndi ati pamenepa?"

Ndinakhala chete. Palibe ngakhale imodzi. Chemistry, physics, masamu, onsewo ndi makosi amene wophunzira biology amatenganso, kupatula Calculus III. Anandiuza mosapsatira kuti sukulu za udokotala zilibe ntchito ndi dzina la major. Amatenga anthu a nyimbo, a mbiri, a engineering, bola anatenga makosi ofunika n'kukhoza. Ofunikawo ndi chaka cha biology, chaka cha general chemistry, organic chemistry, physics, zonse ndi labu yake, ndipo sukulu zambiri masiku ano zimafunanso biochemistry. D yanga ya organic chemistry siwerengedwa kuti ndinakwaniritsa, ndiyenera kubwereza.

Funso lawo lomaliza ndi limene landisowetsa tulo: "Tikafufuta mawu akuti engineering n'kulembapo biology, kawerengedwe kanu kasintha pati?"

Yankho ndinalibe. Ndinangoti ndiyesetsa. Anamwetulira n'kunena kuti semesita yathayi ndinayesetsanso.

Juni 9

Ndasankha biology. Mtima unkafuna psychology chifukwa kumeneko ndinapeza A mosavutika, ndipo GPA yonse ikanakwera msanga. Koma AMCAS siika psychology mu BCPM, choncho 2.08 ija ikanangokhala pomwepo ikundidikira. Amene adzawerenge fomu yanga funso lawo lidzakhala limodzi: kodi munthu uyu angathe sayansi yolemera? Ma A a makosi ena sayankha funso limenelo. Biology indikakamiza kutenga genetics, physiology, cell biology ndi biochemistry, ndipo ndikakhoza pamenepo ndiye kuti pali choonetsa. Ndikagwanso, ndidziwiratu ndisanawononge ndalama za mafomu.

Kusinthaku kuli ndi mtengo wake. Ma credit 6 a engineering sakulowa paliponse mu digiri yatsopanoyi, ndipo 4 a organic chemistry ndikubwereza. Otsala kuti ndikwanitse 120 ndi 74, osati 60, ndiye ndionjezera semesita imodzi.

Ndinapitanso kuofesi ya thandizo la fizi. Malamulo a boma amati wolandira thandizo asapyole 150 peresenti ya ma credit a digiri yake, kutanthauza 180 kwa ine, ndipo amawerenga onse amene unalembetsa, kuphatikizapo amene unalephera ndi amene unasiyira panjira. Pell Grant, ndalama za boma zothandizira fizi, nayo imathera pa masemesita 12. Pa zonsezi ndili mkati. Fomu yosinthira major ndasaina, inali ya tsamba limodzi lokha.

Juni 15

Ndawauza amayi. Ndinazengereza masabata atatu.

Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanapepukako. Anangofunsa kuti, "Mwananga, engineering ija yakukanika, ndiye ukuti ukufuna chovuta kuposa pamenepo?" Ndinayamba kufotokoza za BCPM ndi ma credit, ndinaona kuti ndikungodzaza mawu. Ndinawauza zoona: engineering ndinailowa chifukwa ku sekondale ndinkakhoza masamu ndipo aliyense ankati kuli ntchito. Sindinaifunepo. Anati, "Nanga udokotalawo ukuufuna, kapena ukufuna dzina lake? Unayamba wasamalapo wodwala iwe?"

Sindinasamalepo. Ndalembetsa kosi ya CNA, othandiza anamwino. Lamulo la boma limafuna maola osachepera 75 a maphunziro, ndipo ma state ena amaonjezera. Itha mu Julayi.

Ogasiti 11

Kosi ndamaliza, mayeso ndakhoza, ndipo ndayamba ntchito panyumba ina yosungirako okalamba, mausiku awiri pa sabata.

Usiku wachitatu anandipatsa agogo ena aamuna amene sitiroko inawapha mbali ya kumanja. Ndinayenera kuwasintha zofunda iwo ali pabedi pomwepo. Kukosi tinkayeserera pachidole ndipo zinkatheka m'mphindi zisanu. Munthu weniweni ndi wolemera, amamva kupweteka, ndiponso amachita manyazi. Ndinawatembenuzira kumbali yakufayo osaika dzanja lawo bwino, lidapanikizika pansi pa thupi, iwo n'kubuula. Mayi amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri anabwera, sanandinene, anangogwira dzanja lija n'kulipinda pachifuwa, n'kuika pilo pakati pa maondo, uku akuwauza agogowo chilichonse asanachichite. "Tikutembenuzani tsopano. Tikukoka nsalu. Tatsala pang'ono." Agogo anatseka maso, thupi linamasuka.

Pochoka m'mawa ndinali nditatopa, msana ukuwawa, yunifolomu ikununkha. Koma ndinaona kuti ndikuganiza kale za mmene ndidzawatembenuzire ulendo wotsatira. Mu labu ya engineering sindinatulukemo ndi maganizo otero ngakhale tsiku limodzi. Funso la amayi layankhidwa theka.

Ogasiti 28

Semesita yayamba. Biology I, Organic Chemistry I yobwereza, Statistics ndi Sociology, ma credit 14. Mlangizi uja anakana kuti ndionjezere kosi yachisanu. Statistics imalowa mu BCPM ngati masamu, sociology imabwera pa MCAT.

Okutobala 3

Mayeso oyamba a organic chemistry: 61. Kosi yomwe ndikuiphunzira kachiwiri.

Ndinakhala pabenchi panja pa kalasi kwa nthawi ndithu. Ndinawerenga masiku asanu ndi limodzi, manotsi ndinakopera kawiri ndi mitundu itatu ya inki, mavidiyo ndinaonera mpaka usiku. Zonse zimene ndinachita chaka chatha ndazichitanso, koma mwamphamvu, ndipo zotsatira zake zasiyana pang'ono chabe. Dzina la major lasintha pa kompyuta ya yunivesite, wowerenga ndi yemwe uja.

Okutobala 7

Zaka ziwiri zonse sindinapondepo mu ofesi ya mphunzitsi aliyense. Ndinkaopa kuti akaona kuti sindikudziwa kanthu, ngati kuti pepala la mayeso silinawauze kale. Safunsa anadya phula, ine ndadya masemesita anayi.

Lero ndinapita, pepala la 61 lili m'manja. Aphunzitsiwo sanaliyang'ane n'komwe. Anandipatsa cholembera pabolodi, anajambula 2-bromobutane, pambali pake cyanide, n'kunena kuti ndionetse zimene zichitike. Ndinalemba yankho lomaliza mofulumira chifukwa ndinaliloweza, ndipo linali lolondola.

"Chabwino. Muvi uyambira pati?"

Ndinajambula muvi kuchokera pa carbon yonyamula bromine kupita ku cyanide.

"Pamenepo pali ma electron oti apite?"

Panalibe. Carbon imeneyo ndi imene ikusowa, bromine yakokera ma electron kwa iyo. Muvi umayambira pomwe ma electron ali ochuluka, pa cyanide, n'kupita pomwe akusowa. Cyanide imalowera kumbuyo, bromine n'kuchoka kutsogolo nthawi yomweyo, ndipo magulu atatu otsalawo amapindikira mbali inayo ngati ambulera yogwidwa ndi mphepo. N'chifukwa chake mu reaction yotereyi, yotchedwa SN2, kaimidwe ka molekyuluyo kamatembenuka. Ine ndinaloweza kuti SN2 imatembenuza, inzake yotchedwa SN1 imasakaniza, osadziwa chifukwa chake. Funso likangosintha pang'ono, kaya asinthe solvent, kaya aike carbon yozunguliridwa ndi magulu atatu pomwe kumbuyoko kulibe polowera, ndinkasowa pogwira.

Anandiuza kuti nditseke buku. Manotsi ndisiye kukopera. Tsiku lililonse ndizichita mafunso khumi papepala lopanda kanthu, ndipo yankho ndiziliona pokhapokha nditalimbana nalo funsolo mphindi khumi. Lililonse limene ndalakwa ndizilemba chifukwa chake m'chiganizo chimodzi.

Apa ndi pamene ndamvetsa za 3.38 ndi 2.08 zija. Makosi a mbiri ndi psychology ukawerenga kawiri n'kukumbukira, umakhoza. Calculus, physics ndi chemistry safunsa zimene ukukumbukira, amakupatsa funso lomwe sunalionepo kuti ulimasule. Kuwerenga yankho la m'buku n'kugwedeza mutu kuti zikumveka, ndinkayesa ndiko kuphunzira. Ku sekondale zinkatheka chifukwa mafunso a pamayeso ankafanana ndi a homuweki.

Novembala 6

Mayeso achiwiri: 84. Kabuku ka zolakwa kafika masamba 19. Zambiri mwa izo ndi zolakwa zitatu zomwezo zimene zimangobwera zitavala malaya ena: kuiwala kuyang'ana ngati base ili yamphamvu, kusokoneza reaction ina yotchedwa E2 ndi SN2, ndi kuthamangira yankho ndisanajambule molekyulu yonse.

Njira yomweyi ndaipititsa ku biology. M'malo mowerenganso mutu wa glycolysis, ndimatseka buku n'kujambula masitepe onse khumi kuchokera ku glucose kufika ku pyruvate, kenako n'kuona pomwe ndadumpha. N'zotopetsa, ndipo pa ola loyamba umadziona ngati chitsiru.

Disembala 20

Zatuluka. Biology I A-, Organic Chemistry I B+, Statistics A, Sociology A. Semesita iyi 3.71.

GPA yonse monga mwa AMCAS yachoka pa 2.60 kufika pa 2.81. BCPM yachoka pa 2.08 kufika pa 2.44. Semesita yabwino kuposa ina iliyonse imene ndakhala nayo, ndipo nambala yaikulu yasuntha ndi 0.21. D ija ikadali pomwepo, pambali pa B+ yatsopano. Madzi akatayika saoleka.

Amayi ndawatumizira chithunzi cha magiredi. Ayankha kuti, "Tione ya mawa."

Januwale 16

Ndalembetsa Biology II, Organic Chemistry II, Microbiology, kosi ya ethics ndi semina ya credit imodzi yongolemba kuti wakhoza kapena walephera. Onse pamodzi 16. Makosi atatu a labu pa semesita imodzi. Mlangizi anati ndikuthamanga, ine ndinati ndapeza njira tsopano. Kuntchito ndavomera usiku wachitatu chifukwa kukusowa anthu.

Malichi 12

Mlangizi ananena zoona.

Lachinayi ndimachoka kuntchito 7 koloko m'mawa, labu ya microbiology imayamba 9 koloko. Sabata yatha pochita Gram stain, kupaka tizilombo utoto kuti tidziwike mtundu wake, ndinasiya alcohol nthawi yaitali, tizilombo tonse tinatuluka tofiirira, ndipo ndinalemba mu lipoti kuti Staphylococcus ndi Gram-negative, pomwe ndi Gram-positive. Ndinazindikira lipoti litabwerera. Mayeso a pakati pa semesita ndapeza 66, ndipo organic chemistry yayambanso kutsetsereka chifukwa mafunso khumi a tsiku lililonse aja asanduka khumi pa sabata.

Ndinali ndi njira ziwiri: kulimbikira n'kupeza C mu microbiology ndi mwina C+ mu organic, kapena kusiya imodzi. Kosi ukaisiya tsiku lomaliza lololedwa lisanadutse, pa transcript amalemba W. W silowa mu GPA. Imaoneka, ndipo zikachuluka amafunsa, koma imodzi siipha munthu. C ya ma credit 4 mu sayansi, pa munthu amene nkhani yake yonse ndi yakuti wasintha, ikanawononga zambiri.

Ndasiya microbiology. Ndatsala ndi ma credit 12 ndendende, omwe ndi malire oti ndiziwerengedwabe wophunzira wa nthawi zonse. Kasemina ka credit imodzi kaja ndi kamene kandipulumutsa. Usiku wachitatu ndaubweza. Woyang'anira sanasangalale.

Chimene chandinyansa n'chakuti kulakwa kumeneku n'kofanana ndi kwa chaka choyamba. Nthawi imeneyo ndinkaunjika makosi chifukwa anzanga ankatero. Pano ndinaunjika chifukwa ndikufuna kukwirira 2.60 msanga.

Epulo 9

Masabata atatu apitawa ndakhala ndikutsatira dokotala wina wa DO pachipatala chaching'ono cha mabanja, masana amodzi pa sabata, kungoima pakona n'kumaonerera. Asanandilole ndinasaina mapepala a chinsinsi cha odwala, choncho za odwalawo sindilemba.

Kuno digiri za udokotala zilipo ziwiri, MD ndi DO. Onse ndi madokotala okwana, amalemba mankhwala, amachita maopaleshoni, ndipo kuyambira 2020 maphunziro awo a residency, a kuchipatala akamaliza sukulu ya udokotala, ali pansi pa bungwe limodzi, ACGME. Avareji ya magiredi olowera ku DO ndi yotsikirapo kusiyana ndi ya MD. Poyamba ndinkaiona ngati njira ya olephera, ndipo ndikuvomereza kuti kunali kudzikuza kwa munthu wa 2.08.

Mafomu a DO amadutsa ku AACOMAS. Kale iwo ankachotsa giredi yakale munthu akabwereza kosi, koma anasiya mu 2017, ndiye malangizo akale ambiri amene anthu amapatsirana pa nkhaniyi ndi otha ntchito. Kusiyana kumene kulipobe n'kwakuti AACOMAS siika masamu mu GPA ya sayansi. Nditamva ndinalumpha, ndikuganiza za F ya Calculus II. Ndinachotsa masamu onse pa magiredi a zaka ziwiri zoyamba n'kuwerengera chemistry ndi physics zokha: ma credit 20, mapointi 41.6. Yatuluka 2.08. Yomweyo. Ndinaseka ndekha mu laibulale mpaka wina anacheuka. Phindu lilipo ndithu, koma lili kwina: ma credit akale akakhala 20 m'malo mwa 36, magiredi atsopano amakoka mwamphamvu.

Mnzanga wa mu labu ali pa visa ya F-1, ya ophunzira ochokera kunja, ndipo nayenso akufuna udokotala. Zake ndi zolimba kuposa zanga ngakhale GPA yake ili pamwamba. Sukulu zimene zimalandira ophunzira akunja ndi zochepa, ngongole za boma sangapeze, ndipo sukulu zina zimafuna umboni wakuti ndalama za fizi zilipo asanamulole kuyamba. Ine ndili ndi green card, chilolezo chokhazikika ku America. Ndikamadandaula pamaso pake ndimaonako manyazi.

Makalata a sukulu za udokotala za ku Caribbean ayamba kubwera pa imelo, onse okoma mawu, akuti magiredi si nkhani. Ndikuwasunga mu foda ina. Kulowa n'kosavuta, koma funso ndi lakuti mwa olowawo ndi angati amamaliza n'kupeza residency, ngongole ili pamsana. Khomo limenelo sindinalitseke, koma sindiligogoda ndisanayese ena onse.

Meyi 17

Biology II A, Organic Chemistry II B+, ethics A-. Semesita iyi 3.66 pa ma credit 11 owerengedwa.

GPA yonse 2.92. BCPM 2.62. Biology, chemistry ndi physics zokha popanda masamu 2.74. Chaka chathunthu, ndipo 3.0 sindinaikhudzebe.

Pali chinthu chimodzi chimene mlangizi anandionetsa chomwe chikundilimbitsa mtima. Fomu ya AMCAS siionetsa nambala imodzi yokha. Imasanja GPA chaka ndi chaka, choyamba, chachiwiri, chachitatu, chachinayi, ndi makosi otengedwa digiri itatha. Wowerenga adzaona zaka ziwiri za m'ma 2.6 kenako chaka cha pafupifupi 3.7. Chaka chimodzi angati ndi mwayi. Zikakhala zitatu zotsatizana, pamakhala poyambira kukambirana. Vuto n'lakuti sukulu zina zimasefa ndi kompyuta munthu asanaone fomuyo, ndiye nambala yaikulu iyenera kudutsa kaye pamenepo.

Meyi 24

Ndalemba MCAT yoyeserera, yonse, monga patsiku lenileni. Mafunso 230, zigawo zinayi, ndipo ukaphatikiza zopumira zimatenga maola asanu ndi awiri ndi theka. Chigawo chilichonse amachonga kuyambira 118 mpaka 132, zonse pamodzi 472 mpaka 528.

Ndapeza 497. Chemistry ndi physics 123, CARS (kuwerenga ndi kusanthula nkhani) 126, biology ndi biochemistry 123, psychology ndi sociology 125. Biochemistry sindinaiphunzire, ndiye ma amino acid ndinkangolota. Physics ndi imene yandiulula: ma C ndi B- a chaka chachiwiri aja anali oona, mafunso a magetsi ndi a madzi oyenda m'mapaipi ndinkawaona ngati achilendo. Kosizo sindibwereza chifukwa C imalandiridwa, koma ndiyenera kuziphunziranso ndekha ndi njira ya pepala lopanda kanthu. Ola lachisanu litakwana maso anayamba kudumpha mizere.

Anzanga amene tinayamba limodzi akulemba mayeso enieni mwezi uno kuti atumize mafomu AMCAS ikangotsegula, chifukwa sukulu zambiri zimayamba kupereka malo mafomu akamafika, ochedwa amapeza mipando yachepa. Ine sindilemba. MCAT imaloledwa katatu pa chaka, kanayi pa zaka ziwiri zotsatizana, kasanu ndi kawiri moyo wonse, ndipo sukulu zimaona zotsatira za ulendo uliwonse. Komanso sukulu zambiri sizilandira zotsatira zopitirira zaka ziwiri kapena zitatu. Kulemba pano kungakhale kutaya madola oposa 300 kuti ndigule nambala yoipa, kapena yabwino imene idzathe mphamvu ndisanaigwiritse ntchito.

Mnzanga wina anandionetsa nkhani yake ya pafomu, ija ya zilembo 5,300, kuti ndimuthandize kukonza. Ndinamuthandiza. Pobwerera kuchipinda mtima unali wolemera, ndipo sindinamizira kuti sunali nsanje.

Juni 6

Takhala pansi ndi mlangizi kukonza za kutsogolo.

Atsala ma credit 48: microbiology nyengo yotentha ino payokha, kenako masemesita atatu a ma credit 14 kapena 15. Mwa amenewo, 36 ndi a sayansi. Ndikasunga 3.7, ndimaliza digiri ndi GPA ya 3.20 ndi BCPM ya 3.05. Pamenepo ku MD mwayi ndi wochepa kwambiri, ku DO khomo layamba kutseguka ngati MCAT ili bwino.

Ndiye padzafunika chaka china. Njira ndi ziwiri. Post-bacc ndi kutenga makosi ena a sayansi a mulingo wa digiri yoyamba utamaliza kale, ndipo AMCAS imawaphatikiza mu GPA yomwe ija. Ma credit 30 pa 3.8 angandifikitse pa 3.31, BCPM 3.23. Njira inayo ndi SMP, masters ya chaka chimodzi kapena ziwiri momwe nthawi zina umaphunzira limodzi ndi ophunzira udokotala a chaka choyamba. Magiredi ake amalembedwa padera, sakhudza GPA ya digiri yoyamba. Ndi yodula, ndipo ukachita bwino imalankhula mokweza, ukachita pakatikati ndiye kuti wadzitsekera wekha. Sitinasankhe. Tidzaona ndikamaliza biochemistry ndi physiology.

Ndinawafunsa mosabisa ngati akuona kuti ndidzalowa. Anati sangalonjeze, ndipo anandipempha kuti ndilembe ntchito zina ziwiri za chipatala zimene ndingazikonde ngati izi zitakanika. Chaka chatha ndikanakwiya. Ndalemba physician assistant (woona odwala mogwirizana ndi dokotala) ndi unamwino, ndipo ndayang'ana makosi amene amafuna. Anatomy ndi microbiology zikupezeka pa zonse, choncho ndaika anatomy mu semesita ya Januwale.

Tadziikiranso malire. Semesita ikatsika pansi pa 3.5, tikhalanso pansi kuunika dongosolo lonse. Makosi a labu asapitirire awiri pa semesita. Kuntchito mausiku awiri basi, ngakhale atapempha motani. Aphunzitsi a organic chemistry avomera kudzandilembera kalata, ndipo andiuza kuti ndiziwatumizira magiredi semesita iliyonse kuti asandiiwale.

Maola a CNA afika 640. Agogo a sitiroko aja anamwalira mu Epulo, ndinali ndisanalembe.

Microbiology iyamba pa 16. Physics ndiyambira pa mutu wa magetsi, mafunso khumi pa tsiku, kabuku katsopano ndagula kale.